Kusunga Nkhani ya Mwini: Ntchito ya Wosindikiza Wamng'ono

Nkhani yopeka ikachoka m'manja mwa mlembi kupita kwa wosindikiza mabuku, imatha miyezi ili kumene mwini wake sakuiona. Mantha akuti "andibera" amabadwa m'miyezi imeneyi, makamaka wosindikizayo akakhala wamng'ono, wopanda ofesi yodziwika, wongopezeka pafoni. Mantha otere si oyenera kuwapeputsa, pakuti buku limodzi limadya zaka za munthu.

Lamulo lili kumbali ya mlembi. Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la Berne mu 1991, ndipo panganoli limati umwini umayamba nkhani ikangolembedwa, popanda kudikira kalembera. Lamulo la umwini la 2016 lidalowa m'malo mwa la 1989, ndipo lidapatsa bungwe la COSOMA udindo woyang'anira zimenezi. Komabe chotetezedwa ndi mawu ndi kalukidwe ka nkhani, osati ganizo lokha. Alembi awiri akhoza kulemba za mwana wamasiye wolandidwa chuma ndi achibale, popanda wina kubera mnzake.

Nchifukwa chake wosindikiza wodziwa ntchito sangoti "musadandaule". Nkhani ikafika, amayankha msanga pa imelo kapena papepala losainidwa, kutchula mutu, masamba ndi tsiku. Umenewu ndi umboni wa mlembi, ndipo umatetezanso wosindikiza. Wosindikizayo amanenanso amene adzawerenge ndi mwezi umene yankho lidzatuluke. Kukhala chete ndiko kumawononga kwambiri: munthu amene sadayankhidwe chaka chathunthu, akaona buku lofananako m'sitolo, mtima suchedwa kugamula mlandu.

Povuta ndi pamene wosindikiza ali kale ndi nkhani ina yofanana ndi imene walandirayo, kapena iyenso ndi mlembi, monga zimakhalira m'makampani ang'onoang'ono. Choyenera n'kuulula pomwepo ndi kubweza nkhaniyo asanaiwerenge yonse. Nkhani yokanidwa nayo imabwezedwa, yapakompyuta imafufutidwa, mwini wake n'kuuzidwa.

Nkhani yovomerezedwa imafuna mgwirizano wolembedwa m'chilankhulo chimene mlembi amamva, ndipo apatsidwe masiku okaufunsira nzeru kwa anzake, kapena ku Malawi Writers Union. Mgwirizanowo utchule mabuku amene adzasindikizidwe, gawo la mlembi pa buku lililonse logulitsidwa, nthawi yolipira, mwini chilolezo chosandutsa nkhaniyo sewero la pawailesi kapena filimu, komanso chaka chimene ufulu wosindikiza udzabwerere kwa mlembi.