Kabuku ka K60

Tsiku loyamba la kosi yanga ndimayamba ndi funso limodzi: "Ndani mwa inu wapanga kontilakiti lelo?" Palibe amene amakweza dzanja. Ana a caka coyamba pa yunivesiti amaganiza kuti kontilakiti ndi cipepala ca masamba khumi cokhala ndi cidindo ca loya. Ndiye ndimafunsanso: "Nanga ndani wabwela pa minibasi?" Manja amakwela pafupifupi onse. Apo ndimawauza kuti pamene kondakitala anachula mtengo, inu n'kukwela, pangano linamangika: iye kukufikitsani, inu kumulipila. Akakutsitsani pakati pa njila cifukwa wapeza anthu obwelela ku tauni, waswa pangano, olo kuti palibe amene anasaina paliponse.

Ndimaphunzitsa malamulo a bizinesi ndi khalidwe loyenela pa malonda. Ambili mwa ophunzila anga sadzakhala maloya. Ena afuna kukhala maakauntanti, ena ali kale ndi kabufu ka mobile money kapena amagulitsa salaula pa WhatsApp. Acokela ku Kanyama, ku Mtendere, ku Matero, ndipo za malonda azidziwa bwino kuposa mabuku. Cimene sadziwa n'cakuti zinthu zimene amaona tsiku lililonse zili ndi maina m'khoti.

Mlandu umene amaukonda kwambili ndi wa mayi Carlill wa ku London. Mu 1891 kampani ya Carbolic Smoke Ball inalengeza m'nyuzipepala kuti idzapatsa mapaundi 100 aliyense amene adzadwala fuluwenza pambuyo ponunkhiza mankhwala ake katatu pa tsiku kwa masabata awili. Inawonjezela kuti yaika mapaundi 1,000 ku banki kuonetsa kuti siseka. Mayi Carlill anagula, ananunkhiza, anadwala. Kampani inati mau aja anali okopela cabe makasitomala. Khoti inakana: mukauza dziko lonse lonjezo lomveka conco, munthu n'kucita zimene mwanena, mwamangika. Ndikafika apa kalasi imaphulika, cifukwa aliyense amakumbukila mapepala omatidwa pa mapolo a magetsi, olonjeza kubweza wokondedwa amene anathawa m'masiku atatu.

Nthawi zonse pamapezeka wina wofunsa kuti nkhani za ku London zitikhudza bwanji. Yankho n'lakuti Zambia inatengela malamulo ambili amene anali kugwila nchito ku England pa 17 August 1911. N'cifukwa cake Sale of Goods Act ya 1893 ikali kuweluza nkhani ya foni imene mwagula ku tauni n'kufa tsiku lotsatila, ngakhale kuti inalembedwa Lusaka isanakhale likulu. Tili nawonso malamulo athu atsopano. Lamulo loteteza ogula la 2010 limaletsa mwini sitolo kupacika cikwangwani cakuti katundu ukagulidwa subwezedwa, ndipo wogula angakadandaule ku CCPC. Tsiku limene ndiphunzitsa zimenezi mafoni amatuluka, ana kutumila makolo awo uthenga.

Gawo la malamulo n'losavuta kuphunzitsa, cifukwa mayankho ali m'buku. Gawo la khalidwe ndilo livuta. Pofuna kuonetsa kuti cinthu cingakhale coipa olo kuti palibe wapolisi wakugwila, ndinali kusimba za amayi anga. Anali kugulitsa nyemba ndi nshawa pa maliketi ku Chawama. Ogulitsa ena anali kugogoda pansi pa cithini coyezela kuti cilowe mkati, cizitenga zocepa. Amayi anakana kucita zimenezo, ngakhale masiku amene tinali kudya nsima ndi cibwabwa copanda mafuta. Nkhaniyi ndinali kuinena monyada, monga kuti cithini cija cinali canga.

Caka cina zinthu zinandithina. Malipilo anacedwa, lendi inakwela, mwana anafunika ndalama za sukulu. Ndinasonkhanitsa manotsi anga, n'kuwapulinta, n'kupanga kabuku. Kupulinta kamodzi kunali K25, ine ndinaika K60. Ndinapatsa kapitawo wa kalasi kuti azigulitsa ndi kulemba maina a amene agula. Pamaso pa kalasi ndinati: "Sindikakamiza munthu aliyense. Koma dziwani kuti mafunso a mayeso sacokela kutali." Anaseka, nanenso ndinaseka. Anagula anthu 120.

Patapita milungu ingapo tinafika pa mutu wa mapangano amene khoti ingafafanize cifukwa munthu sanavomele mwaufulu. Ndinafotokoza cimene lamulo limacha undue influence: munthu amene ali ndi mphamvu pa mnzake amene amamudalila, monga dokotala pa wodwala, loya pa kasitomala, kapena mtsogoleli wa cipembedzo pa nkhosa zake, akapindula mokayikitsa pa pangano ndi munthuyo, khoti imafuna kuti iye ndiye aonetse kuti mnzakeyo anasankha yekha. Sipafunika mpeni kapena kuopseza. Mphamvu yokha ikwana.

Mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene anali asanakambepo m'kalasi, anakweza dzanja.

"Ba Sir, nifunseko. Nanga mphunzitsi na mwana wa sukulu?"

"Naconso cingalowe," ndinayankha, wokondwa kuti wamvetsa.

"Manje kabuku kanu, tinagula mwaufulu?"

Kalasi inati zii. Ndinamva thukuta kumsana. Uloya unandithamangila pakamwa: ndinati ndinanena poyela kuti palibe wokakamizidwa, ndipo mtengo unali wodziwika.

Iye sanakweze mau. "Nanga maina yamene balemba ni ya cani?"

Ndinayang'ana koloko, n'kunena kuti nthawi yatha. Kunali kutatsala mphindi khumi ndi zisanu.

Usiku umenewo ndinadziimila mlandu ndekha, ndipo ndinali loya wabwino. Manotsi anali anga, thukuta langa. Sindinaganizepo zocotsela munthu mamakisi cifukwa sanagule. Enanso amacita. Zonsezi zinali zoona. Koma funso la maina linakana kucoka. Ngati sindinafune kuwagwilitsila nchito, ndinawalembetsela ciani? Ndinawalembetsa kuti mwana aliyense aone kuti akulembedwa. Sindinafunikile kuopseza munthu, mantha anali kundigulitsila okha. Ndinaganiza za mtsikana uja: mwina K60 ija inali ya basi ya sabata lonse, mwina anacita kukongola kaloba. Caka ndi caka ndinali kutamanda cithini ca amayi, uku canga nditacigogoda pansi.

Ndinawelengela. K35 pa kabuku kalikonse, anthu 120, inakwana K4,200. Ndalamayo inali itapita kale kwa alandilodi.

Sabata lotsatila ndinalowa m'kalasi miyendo ili zii. Ndinati: "Mnzanu anafunsa funso, ine ndinathawa. Yankho n'lakuti simunagule mwaufulu." Ndinang'amba pepala la maina pamaso pawo, nditauza aliyense kuti kabuku kake ndiko kadzakhala lisiti. Manotsi ndinawaika pa gulu la WhatsApp kwaulele. Ndinalonjeza kubweza K35 kwa aliyense m'miyezi iwili, ndipo mnyamata wina anakuwa kuti, "Ba Sir, ilo ni lonjezo monga la Carlill, mwamangika!" Kalasi inaseka, ine ndinapuma.

Sizinathe mokoma monga m'filimu. Ndinakongola kwa mlamu wanga kuti ndikwanitse, ndipo mpaka lelo amandikumbutsa. Anzanga ena a nchito analeka kundipatsa moni bwino, poti ana anayamba kufunsa mafunso m'makalasi awo. Ophunzila ena sanabwele kudzatenga ndalama, kapena cifukwa ca manyazi, kapena poopa kuti ndi msampha. Zimenezo zinandiwawa kuposa zonse, cifukwa zinandionetsa kukula kwa mantha amene ndinadyelapo.

Mtsikana uja anabwela. Anawelenga ndalama yake pamaso panga, K20, K10, K5, n'kuika m'cikwama. Sananene zikomo, ndipo panalibe cifukwa cakuti anene. Inali yake.

Kosi ija ndikali kuiphunzitsa. Tikali kuyamba ndi minibasi, tikali kuseka mayi Carlill ndi mankhwala ake onunkhiza. Koma tikafika pa mutu wa kuvomela mwaufulu, ndimalemba pa bolodi nkhani ya mphunzitsi wina, kabuku ka K60 ndi pepala la maina, n'kuwauza kuti aweluze. Amakangana kwambili. Ena amati mphunzitsiyo sanaswe lamulo lililonse, ena amati ndi kawalala wovala tayi. Ndimawasiya akangane mpaka atope. Ndiyeno, wina akafunsa kuti mlanduwu unacitikila ku khoti iti, ndimamuuza kuti unacitikila m'cipinda cino, ndipo woimbidwa mlandu ndi amene wagwila coko.