Kwa Kapelula, Kumene Fodya Adalonjeza Ntchito

Tidanyamuka pa boma la Kasungu m'mamawa wa tsiku lina la mwezi wa Juni, mwera ukuomba, ndipo phiri la Kasungu tidalisiya kumbuyo polunjika kum'mawa. Titapitirira Mtunthama, pamene pali sukulu ya Kamuzu Academy imene idatsegulidwa mu 1981, msewu udayamba kutionetsa dziko la fodya: minda yathyathyathya yofika kumene maso alekeza, mapesi a fodya ataima opanda masamba, zigafa za udzu, ndi mabalani a njerwa amene ena mwa iwo adagumuka kale. Madzulo asanafike tidalowa m'dziko la Mfumu Kapelula.

Chimene tidadzera chidali funso limodzi, lomwe makolo ambiri amene akuwerenga tsamba lino ali nalo mumtima: kodi mwana akamaliza sukulu m'dera lotere, ntchito aipeza kuti? Funsoli si latsopano, ndipo boma lidayesapo kuliyankha kangapo.

Amene adatilandira adali mkulu wina wa imvi, yemwe paunyamata wake adagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Titakhala pamphasa, iye adatikumbutsa chaka cha 1974. M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr. Kamuzu Banda adaletsa pomwepo kulemba anthu opita ku migodi, ndipo amuna oposa 100,000 adayenera kubwerera kumudzi. "Tidafika ndi masutukesi ndi mabulangete," adatero mkuluyo, "koma m'mawa mwake tidafunsana kuti, nanga tsopano tidya chiyani?"

Yankho la boma lidali fodya. Bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa Amalawi kulima fodya wowumitsa ndi moto m'mabalani, ntchito imene kale idali m'manja mwa Azungu. Makampani a Press adatsegula minda ikuluikulu, mabanki adapereka ngongole kwa amene adapatsidwa chilolezo, ndipo malo ambiri a mafumu adasanduka maesiteti a lizi. Pofika 1989 maesiteti m'dziko muno adaposa 14,000, ndipo Kasungu adali ndi gawo lalikulu. Ntchito idapezekadi. Malole ankabwera ndi mabanja ochokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Mangochi, kudzakhala matenanti. Misika idakula, magolosale adatsegulidwa, ndipo nyumba za malata zidayamba kuwala m'midzi.

Koma walira mvula walira matope. Mlimi wamng'ono wa m'mudzi sankaloledwa kulima fodya wa bale, chifukwa lamulo lidausungira eni maesiteti okha kufikira 1990. Amene ankafuna kulawa ndalama ya fodyayo ankayenera kulowa utenanti. Mkulu uja adautsata kwa zaka zingapo, ndipo adatifotokozera mmene unkayendera. Mwini esiteti ankapereka munda, mbewu, feteleza ndi chimanga cha phoso, zonse pa ngongole. Banja lonse, mayi ndi ana omwe, linkathirira nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka masamba kwa miyezi isanu ndi inayi. Pamapeto pake mwini esiteti ndiye ankaika mtengo, nachotsera ngongole. "Chaka china," adatero, "atatha kuwerengera, adandiuza kuti ine ndiye ndatsala ndi ngongole. Ndidagwira ntchito, ana anga, koma sindidapate."

Mawu amenewo tidawasunga, pakuti m'menemo muli nkhani yonse. Kugwira ntchito ndi kupata ndi zinthu ziwiri. Zimenezi zidaonekera poyera pa njala ya 2002, pamene Kasungu adali mmodzi mwa maboma ovutika koposa, ndipo ena mwa amene adazunzika kwambiri adali matenanti amene adatsala opanda phoso, kutali ndi kwawo, opanda munda wawowawo. Mu 2019 dziko la America lidaika chiletso pa fodya wa ku Malawi chifukwa cha nkhani ya kugwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito nithetsa utenanti. Lamulolo ndi labwino. Koma lamulo palokha silidyetsa banja ngati palibe wolemba ntchito amene angathe kulipira mwezi ndi mwezi.

M'mawa mwake tidayenda wapansi kupita pa malo a malonda. Pansi pa mtengo padali anyamata a kabaza oposa khumi, njinga zawo zamoto zitandandalika, koma okwera osaoneka. Mmodzi wa iwo, mdzukulu wa mkulu uja, adakhoza mayeso a Fomu 4. Tidamufunsa za malonjezo amene adamvapo. Iye adawawerenga pa zala: ntchito za m'misewu za MASAF zimene makolo ake adagwirako, zolipira masiku ochepa, makuponi a feteleza amene adayamba mu 2005, ntchito 1 miliyoni zimene zidalonjezedwa pa chisankho cha 2020, pamodzi ndi ngongole za NEEF, ndiponso ulendo wa achinyamata opita kukalima ku Israel mu 2023. "Bambo," adatero mwaulemu, "zonsezi timazimva pa wailesi. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo." Kenaka adatiuza motsitsa mawu kuti akusunga ndalama ya pasipoti, kuti apite ku Joni.

Apa mtima wathu udawawa. Agogo ake adaitanidwa kuchokera ku Joni kuti adzamange dziko lawo ndi fodya, ndipo patapita zaka makumi asanu mdzukulu akufuna kulowera njira yomweyo, popanda ndege, popanda pangano la ntchito.

Komabe sitidachoke wopanda chotilimbikitsa. Kudambo tidapeza gulu la amayi ndi anyamata akuthirira dimba la tomato ndi anyezi. Ena adatenga gawo la munda wa fodya nabzalamo soya ndi mtedza, mbewu zimene zimabwezera chonde m'nthaka ndipo sizifuna nkhuni kapena mitengo ya chigafa, m'dera limene mitengo ya msuku ndi mombo idapita kale. Iwo sadapemphe zazikulu. Adatchula msewu wodutsika nthawi ya dzinja, msika umene sikelo yake sinama, ngongole yobwera mvula isanagwe, ndi makina oyengera mafuta pafupi, kuti mtedza usamachoke m'mudzi ndi ntchito zake zomwe.

Pobwerera tidakumana ndi lole yodzaza ndi mabelo, ikupita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Fodya akadali msana wa dera lino, ndipo sitingamunyoze, pakuti adaphunzitsa ana ambiri. Koma phunziro la kwa Kapelula ndi lakuti ntchito siiyesedwa ndi chiwerengero cha anthu amene akutuluka thukuta, koma ndi chimene chatsala m'manja mwawo chaka chikatha. Tsono inu awerengi amene muli ndi antchito m'munda kapena pakhomo, yambani ndinu: muwerengere nawo poyera, ndi kuwalipira pa nthawi yake. Ndipo mukamva lonjezo lina la ntchito, mufunse modekha kuti: ntchitoyo ndi ya miyezi ingati, malipiro ake ndi otani, ndipo wolipira ndani? Mnyamata wa kabaza uja akudikira yankho, pasipoti isanatuluke.