Ku Senga Bay mabala amayendera mwezi

Anthu ambiri a ku Lilongwe akamati akupita kunyanja ku Salima, amatanthauza kulowa pageti la hotela Loweruka m'mawa n'kutulukanso Lamulungu madzulo. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14 kukafika pa Kamuzu Road, kenako ena ngati 20 kutsikira ku Senga Bay. Mahotelawo sindikuwanyoza ayi. Sunbird Livingstonia Beach, yomwe kale inkatchedwa Grand Beach Hotel, ili ndi mbiri yake, ndipo Green wake amazizira mokwanira. Koma ine ndikafika kumeneko ndimasiya galimoto n'kukwera kabaza kulowera kumadoko a asodzi, komwe timabala tambiri tilibe ngakhale chikwangwani.

Kumadoko nthawi si ya kuofesi. Asodzi a usipa amalowa panyanja dzuwa likamalowa. Siginala amatsogola ndi bwato la nyali kuti nsomba zisonkhane pa kuwalako, anzake n'kuzizinga ndi chilimira. Amakocheza mbandakucha, amayi ogula nsomba ali kale pamchenga ndi mabeseni. Usipa ukapita pathandala, alovi n'kugawana ndalama, kwa iwo ndiye kuweruka kumeneko. Choncho musadabwe kupeza bala itadzaza 8 koloko m'mawa, nyimbo zili pamwamba, munthu akukuwa kuti, "Mayi, ziwiri zozizira kuno!" Si ulesi. Munthuyo wagwira ntchito usiku wonse.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya mwezi. Ukawala kwambiri, nyali za siginala sizikopanso nsomba, ndipo maboti ambiri amagona pamtunda. Usiku umenewo mabala amadzaza, koma m'matumba muli gwaa, ndiye kope la ngongole ndi lomwe limagwira ntchito. Mwezi ukapita kumdima zinthu zimatembenuka: usiku pabala pamakhala zii, m'mawa ndiye chisangalalo, ngongole zija n'kumabwezedwa. Mphepo ya mwera ikavuta m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu June mpaka August, zimakhalanso chimodzimodzi. Mwini bala wa kuno amayang'ana kumwamba asanaode mowa.

Kabala komwe ndimakakonda kali kuseri kwa mathandala, kofolera udzu. Kauntala yake ndi matabwa a boti lakale, phula lomatira ming'alu likuonekabe. Mipando ndi makreti. Furiji ilipo, koma magetsi akathima mabotolo amaikidwa m'ndowa ya madzi yokutira chiguduli chonyowa, ndipo palibe amene amadandaula. Panja, pansi pa mtengo wa mango, pali bawo lomwe silipuma. Mlendo akakhala phee n'kumaonerera, pasanapite nthawi madala ena amamufunsa, "Achimwene, mumatha kapena mumangoyang'ana?" Mukayankha kuti mumatha, konzekani kudyedwa nkhomo zonse anthu akuseka. Pano simudya mang'ina ngati m'mabala a ku Lilongwe. Mumagula utaka kapena mcheni padoko, mnyamata wa pachiwaya n'kukukazingirani, mchere ndi tsabola pambali, basi.

Kumsewu waukulu, kufupi ndi misika ya ziboliboli, kuli mabala a mtundu wina, okhala ndi tebulo la pool ndi kanema wa mpira. Kumeneko mumakumana ndi ogwira ntchito m'mahotela ataweruka, madalaivala, nthawi zina asilikali a ku Parachute Battalion atavala za wamba. Tsiku lomwe Bullets ikusewera ndi Wanderers, sankhani bwino benchi yokhalapo. Green amene anthu amamwa pamenepo ali ndi mbiri yoti mungacheze nayo: fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre idatsegulidwa mu 1968, ndipo idali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Mu 2016 idagulidwa ndi Castel, koma dzina la Green silidasinthe pakamwa pa anthu. Amene thumba lapepuka amapita kuthaveni ya Chibuku, komwe paketi imodzi imazungulira anthu atatu.

Sindingabise mbali ina. Ndalama ya panyanja imabwera tsiku limodzi, ndipo imathanso tsiku limodzi. N'chifukwa chake amayi ena amalawirira kudoko osati kukagula nsomba, koma kukadikira amuna awo kuti ya ufa ndi ya sukulu ichoke m'thumba isanakafike pakauntala. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma timabotolo totchipa ta mowa waukali tidalowa m'malo mwake, ndipo anyamata ena ongoyamba kumene ulovi tikuwamaliza. Eni mabala anzeru ndawaona akukana kumugulitsa munthu amene wafika kale pena, n'kumuuza kuti akagone. Nyanja nayo siisewera: mu 2024 madzi adakwera mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo, ndipo timabala ta pamchenga tidasamukira kumtunda. Malo osamukirawo akuchepa, chifukwa mipanda ya eni maloji ndi nyumba zapamwamba ikungotalika m'mbali mwa gombe.

Ngati mwabwera ndi banja, kapena simumwa, pali malo ena omwe ine ndimawawerengera pamodzi ndi mabala ngakhale mulibe dontho la mowa. Dera lino lili ndi Asilamu ambiri, ndiye tiyirumu ndi pomwe abambo ambiri amakumana. Mabenchi ndi omwewo, mikangano ya mpira ndi ya ndale ndi yomweyo, ngongole nayo imalembedwa m'kope. Kusiyana kwake n'kwakuti mumalandira kapu yaikulu ya tiyi wamkaka wa shuga wambiri, mandasi kapena sikono, ndipo masana mumapeza thobwa. Ena amatsegula kusanache, kudikira maboti. Mukakhala panja nthawi imeneyo mwezi uli kumdima, mumaona nyali za asodzi zitandandalika kuseri kwa chilumba cha Namalenje ngati tauni yoyandama, kenako n'kumazima imodziimodzi pamene mainjini ayamba kumveka akubwera kumtunda. Ana anga amakana kugona tikawauza kuti mawa tilawirira kumeneko.