Milungu 6 yopanda mawu

Ku wailesi tinali kukonda kuseka kuti nchito yathu siifuna nkhope, ifuna cabe mawu. Tinaleka nthabwala imeneyi tsiku limene mnzathu wa pulogilamu ya m'mawa anagwa pa njinga yamoto kuno ku Chipata. Anakwela kumbuyo alibe helimeti, monga mmene tonse timacitila. Anamenyetsa cibwano pa tala, ndipo nsagwada ya m'munsi inathyoka pawili.

Anamutumiza ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, amayi ake atamugwilila mutu njila yonse. Kumeneko anatifotokozela kuti dokotala amayamba waona mmene mano akukumanilana, cifukwa fupa likagwilana mokhota, munthu sangatafunenso bwino. Mbali imodzi anaikako kacitsulo ka titanium na tumisomali, podzela m'kamwa kuti pankhope pasakhale cipsela. Ndiyeno anamanga mano a m'mwamba na a m'munsi na waya.

Kwa milungu 6, cakudya cake cinali phala lamadzimadzi na maheu, kumwela pa kapaipi. Pafupi na bedi panali kukhala kacida kodulila waya, cifukwa munthu womangidwa kamwa akasanza angatsamwidwe. Atabwelako anayamba kubwela ku situdiyo, n'kukhala pakona na kabuku. Omvela anali kutuma foni kufunsa kumene wapita, iye ali pomwepo akumva. Tsiku lina anatipatsa kapepala: "Anzanga, kodi mawu anga adzabwelela?" Palibe amene anapeza coyankha.

Atacotsa waya, kamwa inali kutseguka pang'ono cabe, yolowa zala ziwili. Anaphunzilanso kuyasamula na kutafuna nsima. Lomba anabwelela pa maikolofoni, koma mlomo wa m'munsi ukali wadzanzi, cifukwa mtsempha umene umadutsa mkati mwa fupa limenelo unavulala. Mawu ena amatuluka molemela, ndipo ise amene timamudziwa timamva.

Cimene cimatipweteka n'cakuti uthenga wa citetezo ca pamsewu tinali kuuwelenga tekha pa wailesi, kenako n'kukwela njinga mutu uli pamtunda. Tinasonkha ndalama n'kugula mahelimeti awili, aja ophimba na cibwano comwe, ndipo amakhala pa msomali pafupi na citseko. Kukamba zoona, masiku ena tikacedwa timafuna kuwadutsa. Mnzathu satikalipila. Amangotiyang'ana n'kugogoda cibwano cake na cala, ise n'kubwelela kukatenga.