Phazi Limodzi Pansi, Lina M'mwamba

Palibe munthu amene amaima chilili osagwedezeka. Ngakhale titaima duu, thupi lathu limapendekera pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo minofu ya m'miyendo imalibweza mwakachetechete ife osadziwa. Tikati tiyende, ntchito imakula. Tisananyamule phazi lamanja, thupi limayamba lasamutsira kulemera kwake ku mwendo wamanzere. Pa ulendo wonse, mapazi athu awiri amakhala pansi pamodzi kwa kanthawi kochepa chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5. Nthawi yotsalayo tili pa mwendo umodzi, tikupendama uku ndi uku ngati bwato.

Nanga bwanji sitigwa? Tili ndi alonda atatu. Maso amaona kumene kuli njira. Mapazi ndi mfundo za mafupa zimauza ubongo mmene nthaka yakhalira. Mlonda wachitatu ngwobisika mkati mwa khutu, mmene muli timachubu titatu tokhota, todzaza madzi, timene timamva kutembenuka kulikonse kwa mutu. Robert Bárány, sing'anga wa ku Vienna, adalandira mphoto ya Nobel ya 1914 kaamba kofufuza chiwalo chimenechi. Mlonda mmodzi akafooka, awiri otsalawo amamugwirira ntchito. N'chifukwa chake madokotala, potsata njira ya Moritz Romberg wa ku Berlin, amauza wodwala kuti aime mapazi ataphatikiza, kenaka atsinzine. Akayamba kudzandira, ndiye kuti maso ndiwo ankabisa vuto.

Tsono taganizirani za agogo athu. Maso achita ng'ala, mapazi achita dzanzi ndi matenda a shuga, miyendo yatha mphamvu. Usana amayenda bwinobwino, ndipo ife timati ali gwa. Koma usiku, popita kuchimbudzi opanda nyali, mdima umawalanda mlonda amene ankadalira. Mu 2021 bungwe la WHO lidanena kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewu, ambiri sadzukanso pamphasa.

Chimene chimatidandaulitsa ndi chizolowezi chokoka nkhalamba padzanja kuti ifulumire. Tikatero timailanda kanthawi kaja kosamutsira thupi ku mwendo umodzi isanaponde. Ndi bwino kuipatsa mkono kuti igwire yokha, ife n'kumaponda pamene iyo yaponda. Ndodo nayonso agwirire ku dzanja la mbali ya mwendo wamphamvu, osati wodwalawo, ndipo njira ya kuchimbudzi ikhale yosalala, yopanda miyala ndi zitsa.