Masika Afika: Kwerani Phiri la Zomba ndi Ana

Amayi anzanga, mvula yakata ndipo dzinthu zacha m'munda. Musanatanganidwe ndi kukolola, patulani Loŵeruka limodzi mukwere ndi ana paphiri la Zomba. Epulo ndi Meyi ndiyo nthaŵi yake: mitsinje ikadali yodzaza, udzu ukadali wobiriŵira, ndipo utsi wa lupsa umene umaphimba dziko m'chilimwe sunayambe. Mukazengereza, nkhungu ya chiperoni cha mu Juni idzakubisirani zonse.

Za kamba musavutike nazo. Mtedza wophika, mbatata yootcha ndi nzimbe n'zokwanira. Koma majuzi a ana musaiŵale, pakuti kumwambako kumazizira ngakhale masana.

Yambirani pa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wa Zomba, kenaka mukapumule pa mathithi a Williams. Miyendo ikalola, kafikeni pa Emperor's View, pamene anaima Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Pamenepo muŵalozere ana nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, zimene amangozimva kusukulu. Ku Chingwe's Hole, dzenje lakuya lija, n'kutali ndithu. Mukapitako, wamng'ono akhale kumsana, enawo muŵagwire dzanja.