Makina Okana Kusindikiza

M'caka ca 2024, pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse, mnyamata wina wa ku Katete anali kudyera makina osindikizira makalata, ochedwa printa, amene anamgulira amalume ace.

Tsiku lina kunadza mtsikana wocokera ku Vubwi, ali ndi kalata yopempha malo pa sukulu ya unamwino ya St Francis. Inayenera kuperekedwa m'mawa mwace, ndipo analibe ndalama za ulendo waciwiri.

Magetsi atabwera madzulo, makina anakana. Mnyamata anatumiza kalatayo kasanu, koma pepala silinaturuke, nafuna kuwamenya ndi cibakera.

Amalume ace, okonza njinga, anati, "Mphwanga, njinga ikaleka kuyenda sitithamangira kugula yina. Tiyamba tayang'ana cheni."

Tsono mnyamata anakhala pansi, nayesa cimodzi cimodzi. Nthambo yocokera ku kompyuta inali yolowa bwino. Mapepala ndi inki zinalimo. Potsiriza anatsegula mndandanda wa makalata oyembekeza kusindikizidwa, napeza kuti kalata ya dzulo, imene magetsi anaidukiza pakati, inatseka njira ya zinzace zonse. Anaifafaniza pamodzi ndi zisanu zija, nazima makina, nawayatsanso, natumiza kalata kamodzi kokha. Inaturuka.

Kutaca mtsikanayo anapereka kalata yace. Akuru ananena zoona, kuti kuona maso a nkhono nkudekha.